Maso Okana Kuyang'ana Pansi

Tsiku lomaliza limene Hichem anaona bambo ake ali moyo, anali kuwayesa maso ndi chala.

"Imika chala, dokotala watheka iwe," anatero bambo akewo, a Moncef, mawu akutuluka mokoka. Mbale yawo ya chakudya cha tirigu chotchedwa kusikusi inali pamwamba pa mabuku asanu kuti ifike pachibwano, popeza maso awo anali atasiya kuyang'ana pansi. Mabukuwo anali a Hichem, a kusukulu ya udokotala imene anaisiya m'chaka chachitatu kuti azidwazika bambo akewo.

Chala kumanja, maso anatsata. Kumanzere, anatsata. Pansi, anakana.

"Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana a eni mmene uthenga umayendera kuchoka mu ubongo kukafika ku minofu ya diso. Amphaka onse ndinkawayesa pa kafukufuku aja lero akundiseka. Ndipendeketse mutu."

Hichem anawapendeketsa chagada pang'ono, maso n'kutsika okha.

"Waona? Maso alibe mlandu. Wagwa ndi mlatho wa mu ubongo."

Atakweza chala, maso anakwera n'kukakamira pamwamba pa kabati. Hichem anadikira, anawapukuta pakamwa, mtima ukuwawa kuti matenda akula. Anatuluka kukagula buledi. Pobwera anapeza mlongo wake wamkulu Olfa atakhala pakhomo, alibe nsapato. Bambo awo anali atatsamaya.

Tsiku lachitatu la maliro, anthu odzapepesa atabalalika, azakhali a Mongia anakhala pampando wa malemu ngati woweruza.

"Hichem, kudwazika kwatha. Loweruka ukayamba kusitolo ya amuna anga. Mafuta a azitona safuna digiri."

"Chabwino, azakhali." Anali kulonga mabuku aja m'katoni kuti akawataye. Onse anali ndi madontho a msuzi. "Awa ntchito imene anaigwira bwino ndi ya tebulo basi."

"Mukukumbukira tsiku limene amuna anga anabwera kudzandifunsira?" anatero Olfa akuthira tiyi. "Ababa osawapatsa n'komwe moni. 'Tsata chala, mnyamata!'"

"Nanga ine?" anatero azakhali. "Pamaliro a amayi athu enieni, ine ndikulira, iye akuti, 'Mongia, diso lakumanzereli likuchedwa.'"

Anaseka onse mpaka tiyi kutayikira. Hichem ndiye anayamba kusiya kuseka.

"Tsiku lomaliza lija maso anakakamiranso m'mwamba. Ndinadziwa kuti zatha."

Olfa anaika kapu pansi. "Anakakamira pati?"

"Pamwamba pa kabati. Mwezi wonsewu amatero."

Olfa anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye msanga.

"Mbuzi iwe! Mwezi wathunthu munthu akukulozera, iwe n'kumalemba m'kope kuti matenda akula! Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Akuti, 'Ngati ndi dokotala, asiyanitse yekha diso lodwala ndi diso loloza.'"

"Achemwali, mukuti chiyani?"

"Kwera pampando, ndisanakumenye ndi sefa."

Pamwamba pa kabati panali envelopu yafumbi. Inali kalata yochokera kusukulu kuja, yoyankha pempho la a Moncef: malo a Hichem anawasunga, angobwerera.

"Ankanena, ine n'kumalemba," anatero Olfa. "Makalata anayi. Yachitatu inali yachipongwe, sindinaitumize."

"Nanga kusitolo?" anafunsa azakhali, koma anali atatulutsa kale buku limodzi m'katoni, akulipukuta msuzi ndi mpango wawo.

Hichem anali chiimire pampando. Pamutu penipeni pa pepalalo, pokhapo pamene maso a bambo ake ankafika, panali kachithunzi kojambulidwa ndi dzanja lonjenjemera: diso limodzi, lokhota, loyang'ana pansi.

Hichem analitsata. Maso ake anatsika mzere ndi mzere mpaka kumapeto, pamene panalembedwa tsiku lokayamba maphunziro.

Lolemba, pa 14 Seputembala.