Laputopu ya Malemu Praise

Mpingo wathu kuno ku Cape Town uli ndi nthambi zinayi. Ya ku Wynberg, kumene ndimapemphera ine, imasonkhana m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya mafiriji. Mabuku a nyimbo tinali nawo asanu ndi awiri okha, othothoka masamba, ndiye akulu a mpingo anagwirizana kuti mawu a nyimbo aziwalitsidwa pakhoma ndi pulojekita. Popeza ine Pitilani ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, udindowo unagwera ine.

Ndinataipa nyimbo zonse kwa miyezi iwiri, ndikuziimba chapansipansi. Vuto linali lakuti nthambi iliyonse inali ndi laputopu yakeyake yochita kupatsidwa, ndipo panalibe wodziwa kuikamo pulogalamu ya nyimboyo. Choncho ndinalemba sikiripiti, ndiye kuti mndandanda wa malamulo amene kompyuta imatsatira yokha, n'kuiika pa fulashi. Munthu angobaya fulashiyo, adine kawiri, pulogalamu ilowe yokha.

Makompyuta kunja amafanana, koma m'kati anapangidwa mosiyana. Akalekale ambiri ndi a 32, enawa ndi a 64, ndipo pulogalamu yopangidwira wa 64 singalowe mwa wa 32. Motero sikiripiti yanga inkayamba ndi kufunsa kompyuta kuti ndi yamtundu wanji. Ikayankha kuti 32, inkaipatsa pulogalamu ya 32. Ikayankha kuti 64, inkaipatsa ya 64.

Tsiku limene ndinkamaliza, nthawi ya nkhomaliro ku shopu kumene ndimagwira ntchito, mnzanga Sultani wa ku Mangochi anasuzumira pa phewa langa akutafuna chipisi.

"Nanga ikayankha zina?" anafunsa.

"Zina ziti, amwene? Mitundu ndi iwiri basi."

"Inu munawayendera makompyuta onse a pa dziko lapansi?"

"Ikayankha zina ndiye kuti si kompyuta imeneyo, ndi mbaula."

Pofuna kumuseketsa, ndinalemba pansi penipeni pa sikiripitiyo kuti kompyuta ikayankha zosadziwika, ionetse mawu akuluakulu akuti: CHINYALALA ICHI KACHITAYENI KUDZALA. Sultani anaseka mpaka kutsamwa, kenako anati, "Koma muchotse zimenezo. Zopita kutchalitchi izi."

"Ndichotsa," ndinatero. Kasitomala analowa, ine n'kuiwala.

Fulashi ija inayenda nthambi zitatu popanda vuto. Anthu anayamba kunditchula kuti injiniya, ndipo ndivomere kuti dzinalo linkandikomera kuposa mmene liyenera kumukomera mkhristu.

Mu nthambi yathu muli mayi Julia, amene tonse timawatchula kuti amayi a Praise. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Parklands. Mwana wawo yekhayo, Praise, anamwalira chaka chapitacho ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, atadwala masiku anayi okha. Anali pa koleji, ndipo mu kwaya ankaimba mawu achiwiri. Laputopu imene anapatsidwa ku kolejiko amayi ake anaisunga chaka chonse itakulungidwa m'chitenje. Atamva kuti ya nthambi yathu yayamba kuzima yokha pakati pa nyimbo, anapita kwa mkulu wa mpingo, a Golden, n'kunena kuti akufuna kuipereka, kuti mawu a nyimbo zimene mwana wawo ankakonda azidutsa m'chinthu chake.

Lamulungu lolandira mphatsoyo ndinachedwa chifukwa sitima inaima nthawi yaitali ku Retreat. Pofika ndinapeza chipinda chadzaza, laputopu italumikizidwa kale ku pulojekita. Pakhoma panali chithunzi cha Praise, akumwetulira, atanyamula mabuku. Amayi ena ankapukuta misozi ndi nsonga za nsalu zawo. A Golden anali atangomaliza kuipempherera, dzanja lili pamwamba pake.

"A Pitilani afika," anatero. "Injiniya, tiikireni nyimbo zija tilemekeze Mulungu."

Ndinadziwa kuti kompyuta yachilendo umayamba waiyesa pambali. Koma maso onse anali pa ine, ndipo ndinafuna aone mmene zimayendera msanga. Ndinabaya fulashi, n'kudina kawiri.

Bokosi lakuda linatseguka pakhoma n'kuphimba nkhope ya Praise. M'bokosimo munatuluka mawu anga aja, chilembo chilichonse kukula ngati chikhatho.

Kenako wina kumbuyo anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa.

"A Pitilani, zikutanthauzanji zimenezi?" anafunsa a Golden.

Apa m'pamene ndinachimwa. Kulemba kuja kunali kupusa chabe, koma apa ndinali ndi mpata wonena zoona, ndipo ndinausiya ndikuuona.

"Kompyutayi ikukana, abambo. Mwina ndi yakale kwambiri, kapena inawonongeka m'kati."

"Ndiye yanena yokha?"

"Zimalemba zokha zimenezi."

"Makina a masiku ano, mpaka Chichewa," anatero a Golden akupukusa mutu, pofuna kupeputsa nkhani. Anthu angapo anaseka pang'ono.

Amayi a Praise ananyamuka pa benchi. Anabwera kutsogolo osafulumira, anatseka laputopu, anazula chingwe, n'kuikulunga m'chitenje chija bwinobwino, ngodya zonse zinayi. Ndinali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo. Anabwerera pamalo pawo n'kuiika pamiyendo, ndipo anaimba nyimbo zonse za tsikulo pamtima. Tsiku limenelo kunali Mgonero wa Ambuye. Mbale itafika pa ine ndinatambasula dzanja n'kutenga, ngati munthu wa mtima woyera.

Lolemba ndinamuuza Sultani zonse. Sanaseke. Anandifunsa dzina la laputopuyo, analifufuza pa foni, n'kunditembenuzira foniyo.

"Si yakale iyi, amwene. Ndi ya mtundu wachitatu, wa ARM, ngati za m'mafoni. Batire yake imatha tsiku lonse. M'matchalitchi mwanu monsemo mulibe ina yoifika."

Ndinatsegula sikiripiti. Ndinafufuta mawu aja, n'kuwonjezera mizere itatu yoti kompyuta ikayankha kuti ARM ipatsidwe pulogalamu yoiyenera, ndipo ikayankha zina zosadziwika ingonena mwaulemu kuti aitane Pitilani. Zonsezo sizinathe mphindi zisanu.

"Sikiripiti mwakonza," anatero Sultani. "Nanga mayi aja?"

Ndinatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumasula kompyuta ya kasitomala imene sinafunikenso kumasulidwa.

Lamulungu lotsatira amayi a Praise sanabwere. Linzakenso sanabwere. Amayi a chigwirizano anati akawaimbira foni amangoti atopa. Munthu amene zaka zisanu ndi zinayi sanajombepo, ngakhale sabata imene anaika mwana wake m'manda, tsopano malo ake pa benchi yachitatu anali opanda munthu. Ine ndinkakhala kutsogolo ndikudina nyimbo pa laputopu yathu yozimazima ija, pakamwa pakuyenda koma mtima uli gwa. Ndikagwada kuti ndipemphere, ndinkadzukanso osapemphera. Ndinayesa kudziuza kuti nthawi ipoletsa, kuti ndikaulula ndingowapweteka kawiri. Koma chikumbumtima sichinyengeka ndi nzeru zoterozo. Ndinadziwa kuti nkhosa imeneyi sinasochere yokha, ndinachita kuipirikitsa ndine.

Lachinayi ndinapempha theka la tsiku, n'kukwera basi ya ku Parklands. Mphepo ya kuno inali ikuwomba mchenga m'maso. Ndinawaimbira foni ndili pa geti la nyumba imene amagwirako, ndipo anatuluka atavala yunifolomu yabuluu, manja ali onyowa.

"A Pitilani, kwagwanji? Muli bwanji?"

"Ndili bwino, mayi, kaya inu."

"Tilipo. Akutumani a Golden?"

"Ayi, ndabwera ndekha. Ndi za laputopu ija."

Anayang'ana kumbali. "Musavutike nayo. Inu munangonena zimene munaona. Chimene chimandipweteka n'chakuti a ku koleji anamupatsa mwana wanga chinthu chotha, iye n'kumachisamala ngati dzira. Ine osadziwa, n'kukachiika pamaso pa Mulungu ndi pa anthu." Anapukuta manja pa epuloni. "Lachiwiri lapitali ndinaiika pamwamba pa bini. Ndinaima pomwepo mpaka lole ya zinyalala inakhota pa kona apo. Ndiye ndinaichotsanso. Ndinalephera."

Ndinagwira chitsulo cha geti.

"Mayi, laputopu ija ilibe vuto lililonse. Ndi yatsopano, yabwino kuposa makompyuta onse amene tili nawo. Cholakwika chinali pa fulashi yanga, sinkaudziwa mtundu wake. Ndipo mawu aja sinalembe kompyuta. Ndinalemba ndine, kale, mocheza ndi mnzanga ku ntchito. Ndinaiwala kuwachotsa."

Galu wa m'nyumbamo anabwera kudzanunkhiza nsapato zanga pansi pa geti.

"Pamene a Golden ankakufunsani paja, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munandiyang'ana ndikuikulunga."

"Inde, mayi."

"Mukadanena tsiku lomwelo, bwenzi titaseka tonse, ine n'kukukalipirani pang'ono, basi." Mawu awo sanakwere. "Masabata atatu ndakhala ndikumukwiyira mwana wanga ali m'manda, kuti bwanji sanandiuze. Mwamva? Kumukwiyira Praise."

"Ndikhululukireni, mayi."

"Kukhululuka ndi lamulo, sindingakane. Koma mwabwera kudzanong'ona pa geti la eni ake. Mawu aja sananong'onedwe, a Pitilani. Anali pakhoma." Mkati mwa nyumba munamveka mawu oitana dzina lawo. "Madamu akundifuna. Yendani bwino."

Loweruka ndinapita kwa a Golden n'kuwafotokozera. Anasisita bondo, kenako anati, "Mwana wanga, walapa, ndipo Mulungu wamva. Mawa ndingolengeza kuti panali kavuto ka makina ndipo kakonzedwa. Anthu akamva kuti unanama pa guwa, ena sadzakukhulupiriranso."

Ankanena mwachikondi, ndipo mtima wanga unalumphira mawuwo ngati munthu waludzu. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma kavuto ka makina kanali bodza lomwe lija, litangovala jekete.

"Ayi, abambo. Mundipatse mphindi ziwiri nthawi ya zolengeza."

Lamulungu m'mawa benchi yachitatu inalibe munthu. Tinaimba nyimbo yoyamba, tinapemphera, tinawerenga mawu. Zolengeza zitayamba, chitseko chinatseguka, amayi a Praise n'kulowa. Sanapite pamalo pawo. Anakhala pa mpando wa pafupi ndi khomo, chikwama chili m'manja, ngati munthu amene angathe kutulukanso.

A Golden ananditchula dzina. Ndinaimirira pamalo pomwe ndinaima tsiku lija. Ndinali nditakonza mawu abwino mu sitima, koma onse anathawa.

"Abale ndi alongo, ine ndinanama pamaso panu. Laputopu ya malemu Praise ndi yabwino, ilibe chilema. Mawu achipongwe amene munawaona pakhoma ndinalemba ndine. A Golden atandifunsa, ndinanamizira kompyuta chifukwa ndinaopa manyazi, ndiye manyazi angawo ndinawasenzetsa amayi a Praise. Nditatero ndinadyanso Mgonero. Ndachimwira Mulungu, ndawalakwira mayiwa, ndalakwiranso inu."

Ndinaona mlongo wina wa kwaya akuyang'ana pansi, ndi bambo wina amene ankakonda kundiitana kuti injiniya akupinda manja pachifuwa. Ndinangoima, osadziwa ngati ndikhale kapena ndidikire.

"Khalani pansi, a Pitilani," anatero amayi a Praise kuchokera kukhomo kuja. "Zamveka."

Mapemphero atatha anthu ambiri anandidutsa osandipatsa moni, ndipo sindinawadandaule. Ndinali ndikupinda zingwe pamene mayiwo anabwera n'kuima kutsogolo kwa tebulo.

"Sabata yamawa ndikhala pamalo panga," anatero. "Koma laputopu ija sibwera. Ndinafulumira kuipereka. Ndaona kuti sindinakonzeke kusiyana nayo."

"Ndamva, mayi."

"A Golden ndawauza kale. Akhumudwa, koma apirira." Anakonza mpango wawo. "Akuti muli zithunzi zake zambiri m'menemo, ndi mawu ake akuphunzira nyimbo. Ine sindidziwa potsegula. Loweruka masana ndimakhala nditaweruka."

"Ndibwera."

"Fulashi yanuyo muisiye kwanu."

"Ndiisiya, mayi."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono atagwira chitsulo, amayi awiri a chigwirizano akuwadikira pansi. Ine ndinatsala m'mwamba kumaliza kupinda zingwe.