Manja a Lazalo ku Karoi

Pa famu ya Bwana Kaliwo, kufupi ndi tauni ya Trelawney, kudziko lija la ku Halale, panali lamulo limene mwana ankalidziwa asanadziwe n'kumanga komwe kabudula. Mzungu akakuitana dzina, chilichonse chimene chili m'manja uchitule pansi, kenako utembenuke manja ali poyera. Akuti kalekale munthu wina anayankha kuitana atagwira chikwanje, mzungu n'kuchita mantha, ndiye kuyambira pamenepo khasu, mtolo wa fodya, ngakhale chikho cha madzi, zonse zinkayamba zafika pansi. Woiwala ankakumbutsidwa ndi mbama. Dzina loti Kaliwo anamupatsa ndi anthu a pakomboni, poti kaliwo sankachoka pakamwa pake.

Lazalo anabadwira pomwepo. Bambo ake anachoka ku Dedza wapansi akali mnyamata, nadzafera pa famuyo, ndipo mwana wawo anangomusiyira zinthu ziwiri: msinkhu ndi lamulo lija. Ntchito yake inali m'mabalani, nyumba zazitali zija zowotcheramo fodya, kumene ankaponyera ndodo za fodya kwa Lemani ndi anzake ena okhala pamwamba. Sankaphonya dzanja la munthu. Choncho pamene wansembe wina wa ku mishoni anakhomera mkombero wa mgolo pamtengo, m'zaka zija za Chitaganya, n'kuphunzitsa anyamata a m'mafamu mpira wa basiketi, aliyense anaona kuti manja aja Mulungu sanawalengere fodya.

Chaka chimenecho mafamu anachita mpikisano wochotsana. Timu ya Lazalo inachotsa a ku Concession, inachotsanso ena, mpaka inatsala ndime yomaliza, ku Karoi. Ndipo kunamveka kuti kudzabwera bambo Saulosi, kapitawo wa fakitale ina ya ku Halale, amene ankasaka osewera a timu ya fakitaleyo. Amene adzamukonde adzamutenga, ntchito ya m'tauni ndi nyumba ya njerwa kulokeshoni zili pompo.

Agnesi, mkazi wa Lazalo, nkhani imeneyi inamulowa m'mafupa. Iye anatopa nawo utsi wa m'mabalani, anatopa ndi phoso la nyemba zofumbwa, anatopanso kuona mwana wawo Esinati akuphunzira kutula chidole chake pansi galimoto ya bwana ikamadutsa.

"Bambo a Esinati," anatero m'mawa wa tsikulo akukwera lole, "ine sindidziwa zampira. Koma mukaponye ngati mmene mumaponyera fodya wa eni ake. Lero lokha mukadziponyere nokha."

Lazalo anaseka.

Bwalo la ku Karoi linali dothi lofiira lotsendera, ndipo anthu anali atalizinga mpaka ena kukwera pamalole. Bambo Saulosi anakhala pabenchi chakutsogolo, atavala jekete ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Lazalo atawaona, sanachotsenso maso pa jekete ija. Mpira woyamba anauponya n'kupitirira mkombero. Wachiwiri unagunda chitsulo n'kubwerera. Womutchinga wake, Januwariyo, chimunthu chojintcha chochokera cha ku Tete, ankamubaya ndi chigongono m'nthiti woimbira akayang'ana kumbali.

"Mubhurandaya watya!" anthu a ku Karoi ankakuwa m'Chishona, kutanthauza kuti Mnyasa wachita mantha.

Sankanama ayi. Lazalo anali ndi mantha enieni. Popuma, mnzake Yusufu anamukokera pambali.

"Iwe shamwari, mnzanga, ukuyang'ana jekete ija bwanji? Jekete imagoletsa? Yang'ana mkombero. Tangoyesa kuti pamwamba paja pakhala Lemani akudikira ndodo."

Mawu amenewo anagwira ntchito. Atabwerera, Lazalo anasiya kuona anthu. Anaona dzanja la Lemani lokha, litatambasuka pamwamba pa balani, ndipo mpira unayamba kulowa ngati wotumidwa. Anagoletsa ali patali, anagoletsa Januwariyo atamukangamira pamsana, anagoletsa mlomo ukuchucha magazi. A ku Karoi aja anayamba kuchepa mawu. Agnesi anali atavula mpango kumutu n'kumaukupiza, osasamala zoti akulu a mpingo akumuona. Bambo Saulosi nawo anali ataimirira, jekete ili paphewa.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, timu ya Lazalo inali kumbuyo ndi pointi imodzi. Woimbira anali atayamba kale kuyang'ana wotchi.

Palibe amene anaona galimoto ya Bwana Kaliwo ikuima kuseri kwa anthu. Chiyambireni mpikisano, mzunguyo anali asanaonereko masewero ngakhale amodzi. Tsikulo anabwera ku Karoi pa zake, ndipo dona wake, atamva phokoso, anafuna kuona chimene anthu akuda akukuwira. Anthu anawapatukira, awiriwo n'kufika m'mphepete mwa bwalo. Dona anayang'ana uku ndi uku, osaona pokhala.

Nthawi yomweyo Yusufu analanda mpira n'kuuponyera Lazalo. Januwariyo anaterereka n'kugwa. Kutsogolo kwa Lazalo kunalibe munthu, kunali mkombero wokha, pafupi poti ngakhale Esinati akanatha kugoletsa. Anakweza manja.

"Lazalo!"

Liwu limenelo silinali lokuwa kwenikweni. Linali liwu lija la tsiku ndi tsiku, lotulukira pambali pa kaliwo. Koma linadutsa phokoso lonse la bwalo n'kukamupeza.

Mutu wa Lazalo unkadziwa bwino lomwe kumene iye anali. Manja ndi amene sanafunse. Anatsika okha, n'kuika mpira pansi mosamala, mmene munthu amatulira fodya wouma kuti asafumbutuke. Lazalo anatembenuka, zikhatho zili poyera.

"Bwana!"

Januwariyo, amene anali akali chogwada, anayang'ana mpirawo ngati msampha. Kenako anautola n'kuukumbatira pachifuwa, ndipo wezulo inalira.

A ku Karoi anakhamukira m'bwalo akuvina. Ena ankagwa n'kuseka, akutsanzira mmene Lazalo anatulira mpira. Koma anthu a pa famu ya Kaliwo sanaseke, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamukalipira. Yusufu anangogwira m'chiuno n'kuyang'ana pansi. Aliyense wa iwo ankadziwa kuti akanakhala iyeyo akanachita chimodzimodzi, ndipo chimenecho n'chimene chinawawawa koposa kugonja.

"Buya lapa," anatero Bwana Kaliwo, kutanthauza kuti bwera kuno, akumukodola ndi kaliwo. Anali asakudziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. Anangoona wantchito wake wamtali kuposa onse, amene dzina lake linali losavuta kukumbukira. Analoza kutsidya kwa bwalo, kumene kunali mpando wa woimbira, nati autengere dona.

Lazalo anapita. Anadutsa pakati pa anthu ovina aja, mlomo ukali kuchucha, nanyamula mpandowo. Pobwerera anakumana ndi bambo Saulosi akuvala jekete yawo.

"Achimwene," anatero bambowo motsitsa mawu, "manja ngati anuwa sindinawaonepo. Koma m'tauni azungu ndi ambiri, ndipo onse amabwera kudzaonera. Nanga tizidzatani aliyense akamakuitanani?"

Sanadikire yankho. Anapita kukagwira chanza Januwariyo.

Lazalo anafika n'kuika mpando kumbuyo kwa dona, naupukuta fumbi ndi malaya ake. Dona anayang'ana bwalo, naona kuti anthu ayamba kubalalika. Anafunsa mwamuna wake ngati zatha kale, ndipo atamva kuti zatha, anabwerera kugalimoto osaukhudza mpandowo.

Pa lole yobwerera anthu sanaimbe nyimbo. Agnesi anakhala pafupi ndi mwamuna wake, mpango uli pamiyendo, mtima utadzaza mkwiyo umene sankadziwa kuti autulire yani. Esinati, amene ankasewera ndi chitsononkho pakati pawo, anayamba kusuzumira kunja kwa lole.

"Esinati!" Lazalo anamuitana mwaukali, poopa kuti angagwe.

Mwanayo anaika chitsononkho pansi mosamala, natembenukira bambo ake, timanja tili poyera.