Atambala Awiri a Malemu Levison

Lumo linali lisanakhudze mutu wa munthu pamene atambala awiri aja anagwirana pakati pa bwalo.

Linali tsiku lometa, lachitatu chiikireni m'manda a Levison Phiri a ku Wimbe, ndipo abale anali atakhala kale pamphasa. Nthenga zinaulukira m'makapu a tiyi. Kabaza, tambala wakuda wa mtundu wa Mikolongwe, anali pamsana pa Sajeni, kumujompha pamutu mosapumira. Sajeni anali nkhalamba yofiira ya diso limodzi, mlomo wothyoka kunsonga, koma kugonja ayi.

"Tawonga! Madzi!" anakuwa mayi Anesi, mkazi wa malemuyo.

Sanamudikire mwana wawoyo. Ananyamula okha beseni lotsukira makapu n'kukhuthulira atambalawo. Theka la madzi linathera pansapato za a Dominic, mng'ono wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Lukwa.

"Alamu! Ine ndine tambala?"

"Nanga mwaimiranji pakati pa ndewu?"

Anthu anaseka. Kanali koyamba kuseka pakhomopo chiyambire Lolemba, ndipo ena anachita kubisa pakamwa ndi chitenje.

Masiku onse a maliro nkhuku zinali zotsekeredwa, Kabaza m'khola ndi gulu lake, Sajeni m'chigafa cha fodya momwe ankagona. M'mawawu ndi pomwe Tawonga anazitsegulira. Zaka ziwiri atambalawa anakhala pakhomo limodzi osamvekapo ndewu. Lero, mwini wake atangochoka, ndi izi.

A Dominic anakutumula nsapato n'kutsokomola ngati munthu woti alankhule za nzeru.

"Nkhaniyi yadzithetsa yokha. Abale achokera kutali, akufunika ndiwo. Atambala awiri pabwalo limodzi sizitheka. Wokalambayu alowe mumphika lero, asanaphedwe ndi mnzake ife n'kuluza nyama."

"Sajeni sadyedwa," anatero mayi Anesi.

"Mukutero ndinu? Inu amene Khrisimasi iliyonse munkanola mpeni, achimwene n'kumathawa naye m'chigafa?"

Zinali zoona. Mayi Anesi sankafuna chiweto chongodya chosabweza kanthu. Koma Lolemba lija kuchipatala a Levison anawakodola, iwo n'kuwerama kuti amve za munda, kapena za fodya amene anali asanadindidwe. A Levison anangoti, "Nabanda, Sajeni azidya." Mayi Anesi anawakalipira. "Munthu uli pabedi chonchi, n'kumaganiza za nkhuku?" A Levison anaseka mpaka kutsokomola. Dzuwa lisanapendeke anali atapita. Mawu omaliza anali amenewo, ndipo mayi Anesi anali asanauzeko munthu.

"Tengani thadzi lamawanga lija," anatero. "Linasiya kuikira."

"Thadzi limodzi, anthu makumi awiri?"

"Onjezani bakha."

"Bakha uja ndi wa a Samsoni, aneba anu."

"Amadya madeya anga."

"Alamu!"

"Chabwino. Thadzi ndi nyemba mphika waukulu. Amene sakhuta akadye kwawo."

A Dominic anapukusa mutu. "Vuto si ndiwo zokha. Tikachoka pano mutsala ndi Tawonga, nayenso Lolemba abwerera kuntchito ku Mtunthama. Muzikhalira kuthira madzi atambala? Wakudayu amupha mnzakeyu, ndikukuuzani."

"Ndipatseni mpaka dzuwa lifike pamutu. Akakhala akumenyanabe, mpeni mugwire nokha."

"Onse amva?"

"Amva. Metani anthu, musandichedwetse."

Kumeta kunayamba. Masiku ano sapalanso mutu wonse, amangodula katsitsi pamphumi. Mayi Anesi anaweramitsa mutu, kuwadula, n'kudzuka pemphero lisanafike pa Ameni.

Anayamba ndi kumangirira Kabaza pamtengo wa papaya ndi chingwe chosokera fodya. Sajeni ataona mdani wake ali pachingwe, anabwera motsimphina, bwinobwino ngati wopita kumsika, n'kuyamba kumuzula nthenga za kumchira imodziimodzi.

"Nkhalamba yopanda manyazi!" anakuwa mayi Anesi. "Ndikukuteteza iwe, iwe n'kumayamba?"

Anamasula Kabaza n'kuvindikira Sajeni ndi dengu. Kabaza anadumphira pamwamba pa dengulo, anatambasula mapiko n'kulira katatu, mathadzi onse n'kumuzungulira. M'katimo Sajeni anamenyetsa mutu mpaka magazi. Atavundukula dengu, ndewu inayambiranso pomwe inalekera.

A Dominic anatenga mpeni n'kukhala pamwala wonolera. Ankangonola pang'onopang'ono, akuyang'ana kumwamba.

"Dzuwa lili apo, alamu."

"Ndili ndi maso."

"Achimwene ankatani kuti asamamenyane?"

Funso limenelo linawabaya. Sankadziwa. M'mawa uliwonse a Levison ankavala jekete yawo yotuwa n'kuzungulira kuseri, iwo ali kalikiliki ndi moto ndi madzi. Ndani ali ndi nthawi yoonerera bambo wamkulu akucheza ndi nkhuku?

Tawonga anali pakhonde, akukutumula ziguduli zomwe amayi a Chigwirizano anakhalira pamaliro.

"Amayi, ziguduli izi zili ndi timawaya m'makona. Ndiziike kuti?"

"Bwezera pawaya wa bambo ako paja, pomwe..."

Anaima. Anatembenuka kuyang'ana waya uja. Unkachokera pamzati wa chigafa, kudutsa bwalo lonse la kuseri, mpaka pankhokwe. Sunali pamwamba ngati waya woyanikira zovala, unkalekeza m'chiuno. Pamenepo a Levison ankapachikapo ziguduli zakale za mabelo a fodya, zolendewera mpaka pansi. Zaka ziwiri mayi Anesi ankazipondereza ndi mwendo popita kunkhokwe, akulalata. "Ziguduli zanuzi sizikuumabe?" A Levison ankayankha chimodzimodzi, chilimwe ndi dzinja lomwe: "Zatsala pang'ono, Nabanda."

"Anazichotsa ndani pawaya?"

Mpeni unasiya kulira pamwala.

"Ndine," anatero a Dominic. "Lachiwiri. Amayi aja analibe pokhala. Ndimayesa zoyanika."

"Zoyanika! Munthu wamkulu, wa ndevu, osaona kuti ndi mpanda wa atambala?"

"Koma amayi," anatero Tawonga, "si inu munkati..."

"Khala chete, gwira uko."

Anathandizana kupachika onse atatu. A Dominic anaika mpeni pansi n'kumapota timawaya, akung'ung'udza kuti mkulu wawo akanalemba chikwangwani. Ziguduli zisanu ndi zinayi zinabwerera m'malo mwake, chilichonse pomwe panali dzimbiri lake. Tawonga ananyamula Sajeni n'kukamuika mbali ya kuchigafa, ndipo mathadzi atatu okalamba anamutsatira okha, kuzungulira kuseri kwa chigafa ngati njira yozolowera. Kabaza anatsala mbali ya kunkhokwe ndi misoti yake.

Anthu onse anasiya zocheza n'kumaonerera.

Kabaza anayenda uku ndi uku, khosi lili m'mwamba. Mdani palibe. Analira mokweza. Kuseri kwa ziguduli Sajeni anayankha ndi mawu ake osasa. Kabaza anapendeketsa mutu, anaganiza pang'ono, kenaka anayamba kupalasa pansi n'kuitana misoti. Aliyense ankayesa kuti mnzake wathawa.

"Onse apambana!" anakuwa Tawonga, akuwomba m'manja.

Mayi Anesi anaika manja m'chiuno. "Alamu, dzuwa lili pati?"

"Silinafike. Ndavomera."

"Ndiye thadzi lamawanga likukudikirani. Mpeni mwanola kale."

Anakatapa chimanga m'nkhokwe n'kuwaza mbali zonse ziwiri. Kwa Kabaza chinatha nthawi yomweyo. Sajeni anajompha njere imodzi, inapulumuka. Anajomphanso, inagubuduka, thadzi n'kuitola. Mlomo wothyoka uja sunkagwira njere yathunthu. Anayesa kachitatu, kenaka anangoima, mapiko ali lende.

"Chimanga chomwe ndinkamuponyera m'chigafa ndachipeza chonse pansi," anatero Tawonga motsitsa mawu. "Sanadye masiku atatu."

A Dominic sanaseke ulendo uno. "Alamu, ndewu mwaithetsa. Koma uyu sakudya. Mawa kapena mkuja mumupeza atauma. Si bwino kumusiya avutike."

Kwa nthawi yoyamba tsikulo mayi Anesi analibe choti apereke m'malo mwake. Anaona bedi lija la kuchipatala, ndi dzanja lowonda likuwakodola.

"Tiyeni tigawe zovala," anangotero. "Anthu akuchedwa."

Pansi pa mtengo wa mango anayala mphasa n'kutulutsa katundu wa malemu. Suti ya kutchalitchi inapita kwa amalume awo a malemu. Nsapato zinapita kwa msuweni wina amene anali ataziyesa kale ndi maso. Zipewa ziwiri, malaya, lamba. Kumapeto kunatsala jekete yotuwa ija, yong'ambika m'zigongono, yonunkha fodya.

"Iyi ndi ya a Dominic," anatero amalume aja. "Anachotsa ziguduli, alandire chiguduli."

Anthu anafa nacho chiseko. A Dominic anaivala pomwepo kuti awaonjezere. Manja a jeketeyo anawapitirira zala, poti a Levison anali munthu wamtali. Anayenda monyang'wa kudutsa pabwalo, akutsanzira kayendedwe ka mkulu wawo, mpaka mbali ya kuchigafa.

Sajeni anadzutsa mutu. Anayang'ana ndi diso lake limodzi lija. Kenaka anathamanga, kutsimphina konse kuiwala, n'kudzaima pamapazi a a Dominic. Anayamba kulira pang'onopang'ono kukhosi, khosi litatambasukira kuthumba la kumanzere.

"Akufuna chiyani ameneyu?"

"Pisani m'thumba," anatero Tawonga.

A Dominic anapisa manja onse awiri. Lamanja linatuluka ndi chimanga chathunthu. Lamanzere linatuluka ndi misere, tizidutswa ta chimanga totsala pokonola.

Mayi Anesi anayandikira, anatapako pang'ono n'kununkhiza.

"Misere yanga iyi! Ya mumtsuko wa kuchipinda!" Anamenya m'manja kamodzi. "Zaka ziwiri ndikutukwana makoswe! Ndinakatenga mphaka kwa a Samsoni, mphaka n'kumanenepa osagwira kanthu. Kani khoswe wake ndinkagona naye pamphasa imodzi!"

Amalume aja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi Anesi nawo anaseka, anaseka, mpaka anakoka nsonga ya chitenje n'kupukuta m'maso, ndipo palibe anafunsa kuti misozi yake ndi iti.

A Dominic ananjuta n'kutambasula dzanja. Sajeni anadya m'chikhatho mwawo, mwachangu, osataya kanthu.

"Ndili mwana mano atagweluka," anatero a Dominic osayang'ana munthu, "achimwene ankandiphwanyira chimanga chokazinga pamwala. Anzathu ankatiseka."

"Ananena kuti azidya," anatero mayi Anesi. "Kuchipatala. Mawu omaliza. Ine n'kuwakalipira."

"Akanadabwa mukanapanda kuwakalipira."

Kenaka mayi Anesi anamina, n'kumanganso chitenje.

"Jeketeyo vulani."

"Andipatsa abale, onse aona."

"Tengani wailesi."

"Wailesi ya solayo? Kusinthana ndi chiguduli?"

"Ndi khasu latsopano. Musandivute, alamu, sindionjezera."

A Dominic anaimirira, anavula jeketeyo mosamala kuti za m'matumba zisatayike, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Wailesi ikhale. Mudzandisungire anapiye awiri a Kabaza."

"Mmodzi."

"Awiri."

"Mmodzi, ndi dzira."

Thadzi lamawanga linadyedwa masana amenewo, ndipo nyemba zinakwanira onse. Abale a ku Lukwa ananyamuka dzuwa litapendeka, a Dominic ali pambuyo, akufotokozerabe msuweni uja momwe anapachikira ziguduli.

M'mawa mwake Tawonga anadzuka n'kupeza moto wosakoleza, ndowa zili zouma. Anasuzumira kuseri. Amayi ake anali ataima pakati pa waya uja, atavala jekete yotuwa pamwamba pa chitenje chakuda, manja ake atapindidwa kawiri. Dzanja lamanja linaponya chimanga kudutsa ziguduli. Kenaka anagwada mbali ya kuchigafa n'kutsitsa lamanzere mpaka pansi.

Sajeni ankadya pang'onopang'ono, kachidutswa kamodzikamodzi. Mayi Anesi sanamufulumize.