Kanjira ka Nguluwe

"Mbawala imamwa madzi pomwe pali ng'ona," anatero Vitorino atakhala pachulu, akudzikanda pamimba. "Ikaopa, ifa ndi ludzu. Lowa, mkazi wanga."

Adelaide anaima m'mphepete mwa tchire, chikwanje chili m'manja. Kutsidya kwa udzu kunkaoneka nthochi za m'munda wa malemu amayi ake. Panali patatha miyezi iwiri chibwerere kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ufa umene anabwera nawo unali utatha. Mwana wawo Jéssica anagona ndi njala masiku awiri. Koma nthawi ya nkhondo asilikali anamanga msasa m'mundamo, n'kukwirira mabomba. Mbuzi ya mnansi wawo a João italowamo mwezi wathawo, anangotola chikopa pamtengo.

"Nanga mbawala yamphongo imakhala ikutani, bambo a Jéssica?"

"Imayang'anira."

Adelaide analavula malovu pansi.

Pamsewu panatulukira a Haji, nkhalamba yogulitsa nsomba za ku Chiuta, akukankha njinga kupita ku Insaca. Iwo sanathawe nkhondo. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mbawala munaziona kuti, akamwini? Pamzere wolandira nyemba ku kampu?" Kenaka anatembenukira kwa Adelaide. "Ine ndikuuze zimene ndaona ndi maso. Nguluwe zimalowa m'mundamo kukafukula, ndipo zimadzera kanjira kamodzi, ako pafupi ndi mtengo wa mango. Yaikulu imalemera ngati munthu. Ukaponda pomwe yaponda, osapatuka ngakhale phazi limodzi, mwina ufika. Koma sindikuti pita, mwanawe. Nguluwe nazo zimafa."

Adelaide anavula nsapato, namanga chitenje zolimba. Kanjirako kanali kopapatiza, kodzaza zidindo za ziboda m'matope ouma. Anaika phazi pa chiboda choyamba, kenaka chachiwiri. Thukuta linkamulowa m'maso koma sanayerekeze kulipukuta. Udzu utakhwakhwaza anauma thupi lonse. Inali nkhwali.

Atacheuka pang'ono anaona a Haji ali chiimire, kofia ili m'manja. Pachulu panalibe munthu. Vitorino anali atagona chafufumimba kuseri kwake, zala zili m'makutu.

Adelaide anafika pa nthochi, nadula mkoko waukulu, nausenza. Pobwerera anaponda m'mapazi ake omwe mpaka kutuluka.

Vitorino anadzuka akusasa fumbi pamalaya.

"Mwaona, a Haji? Nzeru zanga zimenezo. Mkazi akamvera mwamuna, pakhomo sipagona njala."

"Zoona," anayankha a Haji. "Ngakhale nkhupakupa imati inalima nawo pamodzi ndi ng'ombe."

Vitorino anatambasula dzanja kuti athothole nthochi. Adelaide anangopotoloza mutu, mkoko n'kumudutsa. Anadula phava limodzi n'kuliika m'dengu la a Haji, iwo n'kumupatsa nsomba zouma zinayi.

Kunyumba anaphika nthochizo, nadyetsa Jéssica mpaka mwanayo anagona atafumbata chotsala. Atatero analowa m'nyumba, napinda bulangete la mwamuna wake, naikamo wailesi yake yopanda mabatire, namanga ndi luzi. Katunduyo anamuika panja, pafupi ndi njira.

"Zikutanthauza chiyani zimenezi?" anafunsa Vitorino.

"Mudzi uno ndi wa amayi anga. Kwanu ndi ku Amaramba, ndipo msewu wake magalimoto akudutsa tsiku ndi tsiku. Mulibe choopa."

Vitorino anayang'ana uku ndi uku kufuna womuikira kumbuyo. Akazi oyandikana nawo anapitiriza kusinja.