Njira ya Nkhosa Yosowa pa Mapu

Toktosun anakwera kavalo m'mawa kupita ku mpata wa chigwa kuti akaone ngati chisanu chasungunuka moti nkhosa n'kukwera kuphiri. Anakapeza mpanda. Waya watsopano, mizati yachitsulo yozika m'simenti, kuchokera pathanthwe mpaka kumtsinje, popanda ngakhale polowera galu. Munthu wina wa ku likulu la dziko, ku Bishkek, anali atagula malowo kuti amangepo nyumba zogona alendo okwera mapiri.

Pamenepo ndi pamene ziweto za mudzi wonse zimadzera chikhalire popita ku msipu wa kumtunda. Njira ina ilipo, yozungulira kuseri kwa phiri, koma ndi ya masiku anayi pamiyala yokhayokha, ndipo ana a nkhosa a miyezi iwiri sangafike onse amoyo. Udzu wouma kwa Toktosun unali utatsala wa sabata imodzi, pomwe m'khola munali pakamwa mazana atatu.

Tsiku lomwelo anatengana ndi mnzake Mederbek, wa munda woyandikana naye, ulendo wa ku ofesi ya kaundula wa malo. Anakapeza Ainagul, mtsikana woyeza malo, mwana wa kumudzi kwawo.

"Njira yake iti, Toktosun aba?" anafunsa Ainagul, ndi mawu aulemu otchulira bambo wamkulu, akuwatembenuzira kompyuta.

"Mwananga, usandiyese chitsiru. Agogo ako anathera nsapato panjira imeneyo."

"Sindikukana. Koma taonani nokha."

Pamapupo munda uliwonse unali ndi nambala yake, ndipo mizere yofiira inkasonyeza pamene lamulo limaletsa kumanga: m'mbali mwa mtsinje, pansi pa mawaya a magetsi, kuzungulira manda. Njira ya nkhosa panalibe, ngakhale kakadontho.

"Chaka chatha tinakhala kwanu masiku asanu," anatero Ainagul akutulutsa mulu wa mapepala. "Khomo ndi khomo tinkafunsa kuti, kodi pamalo panu pamadutsa chilichonse cha anthu onse? Mabanja makumi awiri ndi atatu. Onse anasaina kuti palibe."

Toktosun ankakumbukira bwinobwino. Kwathu kuno, kuyambira nthawi imene minda yonse inali ya boma, munthu amakula akudziwa kuti chimene mwauza wa cholembera, mwamupatsa. Ndiye oyeza malo aja analandiridwa ndi tiyi, buledi ndi zonona za mkaka, anakhuta mpaka kumasula malamba, koma pa za njirayo aliyense anakana kwa mtu wa galu, n'kuloza kwa mnzake. Tinkadziona ochenjera kwambiri masiku amenewo.

"Ine ndinanena zoona," anatero Mederbek. "Ndinati imadutsa kwa Toktosun."

"Eya," anatero Ainagul, "ndipo iwo anati imadutsa kwa inu. Ine ndinangoti kaya nkhosa za kwathu masiku ano zimauluka."

"Nanga iwe sunkaidziwa njirayo?" Toktosun anakalipa. "Bwanji sunangoijambula?"

"Ndijambule chimene eni malo onse achikana? Mukanandithamangitsa ndi agalu."

Toktosun zinamuwawa chifukwa zinali zoona. Komabe mtsikanayo anati mpata ulipo. Eni minda onse a m'mbali mwa njirayo akasaina kuti ndi yakale, iye aiyeza n'kuilowetsa m'kaundula, mzere wofiira ufika mpaka pa malo a munthu wa ku Bishkek, ndipo adzalamulidwa kutsegula. Koma asaine onse, osatsala ndi mmodzi yemwe, ndipo m'lifupi mwake mukhale mamita makumi awiri monga pa mapu akale a munda wa boma. M'kati mwa mzerewo palibe kumanga.

Masiku awiri Toktosun anayenda khomo ndi khomo, ndipo ndi pamene anaona mmene anthu anaidyera njirayo. Chaka ndi chaka aliyense ankasuntha mpanda wake pang'ono, uyu kuti awonjezere mizere ya mbatata, uyu chimbudzi, uyu mosungira malasha, mpaka malo ena akavalo awiri sakanapatukirana. Anachonderera, ananyoza, anakumbutsa anthu za makolo awo ali kumanda. Mayi wina wamasiye analirira mitengo yake ya maapozi, iye osagwidwa ndi chisoni. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri mawu anali atasasa, ndipo theka la mudzi linali litasiya kumupatsa moni.

Tsiku lachitatu Ainagul anabwera ndi ndodo yake yoyezera, ya kambale pamwamba, anthu akumutsata m'mbuyo ngati pamaliro. Akaima, amakhoma chikhomo chofiira, mwini munda n'kusaina nkhope ili gwaa. Mederbek anataya khola la ng'ombe.

"Ng'ombe yanga izigona kwanu," anauza Toktosun, "pakati pa iwe ndi mlamu."

Munda wa Toktosun unali womaliza. Kumeneko, chakumsewu, kunali maziko a nyumba ya mwana wake Esen, amene anali atatha zaka zinayi akugwira ntchito ya zomangamanga ku Russia, ndipo ankayembekezeka kubwerera m'nyengo yokolola ndi mkazi ndi khanda. Miyala ya mazikowo anatuta ndi amuna a mudzi wonse tsiku limodzi, Toktosun atawaphera nkhosa ziwiri. Iye sankada nkhawa. Anali atayeza yekha ndi mapazi n'kupeza kuti nyumbayo ili kunja kwa mzerewo, kungoti mapazi a mwini munda amafupika akafika pake.

Ainagul anayenda akuyang'ana kachipangizo kake, anadumpha khoma la maziko, n'kukaima pakati penipeni pa chipinda chachikulu. Sanakhome chikhomo msanga.

"Ndi pano, aba," anatero motsitsa mawu.

"Makina akowo aledzera. Yezanso."

Anayezanso. Anaima pomwepo.

"Mwananga, taupinda pang'ono mzerewo ulowere kumtsinje. Mamita asanu okha. Adziwa ndani?"

"Ndikapinda panu, ndipindanso kwa onsewa. Ndipo wa ku Bishkek uja akangomva, mawa lomwe afika ndi loya, mpanda wake sudzachokanso."

Toktosun anacheuka. Mabanja makumi awiri ndi awiri anali chiimire kumuyang'ana, wamasiye uja ali patsogolo, manja atapinda pachifuwa. Ngakhale Mederbek nthabwala zinamuthera, ankangoyang'ana nsapato zake. Toktosun analibe munthu woti amukalipire. Malo ena omangapo analibe, poti munda wotsala unali wotsetsereka. Analandira cholembera, ndipo anasaina mokanikiza mpaka pepala linabooka.

Patapita masiku atatu kalata yolamula kutsegula njira inatuluka, antchito a munthu uja anadula waya pakati, ndipo ziweto za mudzi zinanyamuka. Zinadzera pamaziko paja, zikwi ndi zikwi, zikugumula miyala ndi kusiya ndowe m'zipinda zonse zinayi. Toktosun anali pakavalo kumbuyo kwa gulu, fumbi lili m'maso, pamene foni inalira m'thumba. Anali Esen.

"Bambo, ndagula mawindo, afika ndi lole mwezi wamawa. Makoma afika pati? Tanditumizirani chithunzi, mpongozi wanu akufuna aone."

"Nkhosa zakwera bwino, mwananga," anatero Toktosun. "Palibe yotsala."

"Ndamva, bambo. Koma ndimafunsa za nyumba."