Mwana Wosapereka Moni

Che Idrissa ankakhulupirira kuti mwana akhoza kulephera mayeso, akhoza kutaya nsapato kusukulu, zonsezo n'zokonzeka. Koma mwana wodutsa akulu osapereka moni, ameneyo ndiye kuti watayika. Ndiye tsiku limene Kasimu, mwana wawo woyamba, anawadutsa pamsewu wa ku Nsungwi ngati akudutsa mulu wa njerwa, mtima wawo unapweteka kwabasi.

Sikanali koyamba kumva zimenezi. Shehe wa kumzikiti kwawo anali atawanong'oneza kale kuti mnyamatayo wasintha, munthu umamukweza dzanja iye n'kumangopita. Alamu awo, a Hamisi, ogulitsa usipa mumsika, sananong'oneze ayi, anachita kulengeza pakhonde anthu a nyumba zoyandikana akumva. Kusukulu nako zinthu zinali zitapendekeka. Mwana amene ankakhoza bwino ku pulayimale, atangolowa Fomu 1 anayamba kutsika ngati madzi a m'ngalande. Madzulo ankadandaula mutu, ndipo akamayang'ana munthu ankafinya maso ngati wina wamuthira utsi.

A Mwamadi, mnzawo amene ankakhoma naye ndowa ndi mbaula pashedi imodzi, sanachedwe n'kupeza matenda.

"Ndi chamba chimenecho, Che Idrissa. Maso amenewo ine ndimawadziwa. Mafana a kugalaundi onsewa ndi choncho."

A Mwamadi ankadziwa chilichonse, kuyambira mtengo wa malata mpaka tsiku lobwera mvula, ngakhale kuti mvulayo kawirikawiri sinkawamvera. Koma ulendo uno mawu awo anakhazikika. Che Idrissa anayamba kupisa m'matumba a mwana wawo, kununkhiza malaya ake akapita kosamba. Sanapeze kanthu, koma m'malo mopepukidwa anangoti mwanayu wafika pochenjera.

Tsiku lowadutsa pamsewu lija, atafika kunyumba anamuitana.

"Iwe, unandidutsa paja bwanji?"

"Pati, Ababa? Ine sindinakuoneni."

"Sunandione? Ndasanduka nyerere ine?"

Mbama inalira. Chibadwire Kasimu anali asanamenyedwepo ndi bambo ake, ndipo sanalire, anangogwira tsaya n'kuwayang'ana ndi maso ofinya aja. Che Idrissa anagamula pomwepo kuti Loweruka mwanayo akwera basi wa ku Ntaja, akakhale kwa achimwene awo, azikalima. Sukulu ithere pomwepa, popeza tauni yamudya. Akazi awo, a Zulaikha, anachonderera mpaka mawu anasasa, kenako anangolongedza zovala za mwana wawo m'chikwama akupukuta misozi ndi mpango.

Loweruka m'mawa, asanapite kudepoti, Che Idrissa anati ayambe akabweza jeze ndi magolovesi a eni ake, komanso akamuuze kochi mawu awiri atatu. Kasimu anali goloboyi wa kalabu ya Ziphaliwali, imene inkasonkhanitsa ana a m'makomboni a Area 25 pabwalo lafumbi kuseri kwa msika. Kalabuyi inali ndi lamulo lake: mwana asanakhudze mpira, ayambe wakhala pansi ndi mabuku m'kashedi ka pambali pa bwalo, alembe ntchito ya kusukulu, amwe phala, kenako avale jeze. Wothawa kusukulu mpira ankauonera panja. Teremu iliyonse kunkabweranso a chipatala kudzawayeza anawo. Mabukuwo ndi amene anachititsa Che Idrissa kuvomera poyamba paja, ndipo tsopano ankadziona ngati munthu wopusitsidwa masana.

Anamutsogoza Kasimu, iwo pambuyo. Atafika anapeza mpira kulibe, ana ali pamzere wautali kuloza kugolo. Kochi Golden, bambo wamfupi wa kamimba kosonyeza kuti kuthamanga anasiya kalekale, atawaona anabwera akupukuta manja pa thalauza.

"Abambo a Kasimu! Mwachita bwino, ndimati ndikupezeni kushedi kwanu."

"Ine ndabwera kudzabweza katundu wanu. Mwanayu mwandiwonongera. Akupita kumudzi lero."

Golden sanalandire jezeyo. Anamuuza Kasimu kuti akaime pamzere, kenako anawakokera bambowo pamthunzi.

"Mundimvere kaye pang'ono, Abambo. Goloboyi wanga uyu wandizunguza mutu sizoni yonse. Penate amagwira ngati mphaka. Munthu akamubwerera pafupi, sadutsa. Koma shoti yochokera pakati pa galaundi, yoti ngakhale ine ndi mimba yangayi ndikhoza kuigwira, iye amadzidzimuka italowa kale. M'shedimu ndi chimodzimodzi. A Jennifer, amene amawathandiza homuweki, akafunsa ndi pakamwa mfana amayankha zonse. Akalemba pabolodi, iye amakopera kwa mnzake. Ndiye ndinawapempha anesi kuti ulendo uno abwere ndi zoyezera maso."

"Ndi chamba," anatero Che Idrissa, koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu imene anachoka nayo kunyumba.

"Ine ndakulira ku Mgona, Abambo. Wosuta ndimamudziwira patali. Basi wa ku Ntaja satha, tangodikirani."

Anadikira, osati chifukwa chokhulupirira, koma kuti asaoneke ngati munthu wothawa nkhani. Anesi aja, Amayi Pauline, anali atapachika chipepala cha zilembo pamtengo wa golo, zazikulu pamwamba, zing'onozing'ono pansi. Mwana ankaima chapatali, n'kutseka diso limodzi, n'kumatchula. Ambiri ankangoyenda nazo mpaka pansi n'kuthamangira kuphala.

Kasimu atafika, bambo ake anasendera n'kuima kumbuyo kwake. Mnyamatayo anatchula chilembo chapamwamba. Cha mzere wachiwiri anachita kuganizira, n'kuphonya. Amayi Pauline analoza mzere wachitatu, iye anangoti zii, khosi litatalika, maso atafinyika. Che Idrissa, ndi maso awo okalambira pa utsi wa makala, ankaziona zilembozo bwinobwino mpaka mizere ya m'munsi.

"Tawerenga, iwe, usatichititse manyazi!"

Kasimu anacheuka. "Ababa, pali cholembedwa pamenepo?"

Anafunsa mwaulemu, mopanda mwano ngakhale pang'ono. Che Idrissa anayang'ana mtunda wochokera pamene anaima kukafika pagolo. Unali wochepa kuyerekeza ndi kukula kwa msewu uja Kasimu anawadutsirapo.

Amayi Pauline anatsegula kabokosi, n'kumuveka mnyamatayo chimango chachitsulo cholemera, chonyansa ndithu, n'kumalowetsamo timagalasi, kuchotsa aka, kuika ako. Ana a pamzere anayamba kuseka. Mwadzidzidzi Kasimu anabwerera m'mbuyo ngati wakankhidwa. Sanayang'anenso chipepala chija. Anayang'ana kutsidya kwa bwalo, kumene azimayi ankagulitsa mandasi, n'kuyang'ana minibasi imene inkadutsa kumsewu, kenako nkhope za anzake mmodzimmodzi.

"Kodi nonsenu mumaona chonchi?" anafunsa. "Masiku onse?"

Kuseka kuja kunatha. Amayi Pauline anafotokoza kuti si matenda oopsa, ndi maso osaona patali basi, ndipo vutoli limakula mwana akamakula. Ku pulayimale ankakhala kutsogolo chifukwa anali wamfupi. Atatalika aphunzitsi anamukankhira kumbuyo kwa kalasi yodzaza, bolodi n'kumuthawa. Mutu unkapweteka chifukwa chofinya maso tsiku lonse.

"Nanga osanena bwanji?" Che Idrissa anamufunsa mwana wawo.

"Ndimayesa ndi mmene aliyense amaonera, Ababa. Anthu ndimawadziwira mawu, kapena malaya. Tsiku lija munavala malaya achilendo."

Zinali zoona. Anali atavala malaya atsopano amene a Zulaikha anawagulira pa kaunjika. Che Idrissa anakhala pansi pafumbi pomwepo, munthu wamkulu ndi chipewa chake choyera. Manyazi anali nawo, aakulu ndithu, koma chimwemwe chinawaposa. Kwa miyezi ankagona ndi mantha akuti mwana wawo wapita, ndipo apa ankauzidwa kuti chimene chinasowa ndi timagalasi tiwiri.

"Magalasi ake enieni akonzedwa kudzera kukalabu kuno, mudzatenga akatuluka," anatero Amayi Pauline. "Pakadali pano kakambiraneni ndi aphunzitsi, azikhala kutsogolo."

Golden anawagwira mkono n'kuwadzutsa. "Nanga jeze ija, Abambo, mukubwezabe?"

"Kochi, musandiseke. Ndimupatsa mwini wake, Kasimu."

Pobwerera sanamutsogozenso, anayenda naye limodzi. Che Idrissa anafunafuna mawu njira yonse, pakuti kupepesa kwa mwana si ntchito imene anaiphunzirapo. Atatsala pang'ono kufika anangoti, "Mbama ija inalakwika, mwana wanga." Kasimu anayankha kuti palibe kanthu, Ababa, ndipo bambowo anaika dzanja paphewa pake mpaka pakhomo.

A Zulaikha anali pakhonde, chikwama chili pambali, maso atatupa. Anaimirira kuti atsanzikane ndi mwana wawo.

"Mayi a Kasimu, masulani chikwamacho. Sapita kulikonse uyu."

Atamva nkhani yonse analira koposa mmene analirira polongedza, kenako anatumiza mwana wa neba kukaitana a Hamisi kuti adzamve okha, pakhonde lomwe lija analengezerapo.

Patapita masabata angapo, madzulo ena, Che Idrissa anali pashedi akukhoma chogwirira cha ndowa. Kochi anali atawauza kuti magalasi afika tsiku limenelo, ndiye nyundo inkagunda malata koma maso anali kumsewu. Anamuona mwana wawo ali kutali, kupitirira pokwerera makabaza, yunifolomu yake ndi chikwama kumsana. M'mawa anali atavala dala malaya a pa kaunjika aja. Anaweramitsa mutu ngati sakuona kanthu, mtima ukugunda ngati wa mwana wodikira zotsatira za mayeso.

Pakati pa phokoso la mahutala ndi oitanira minibasi, mawu anadutsa msewu wonse.

"Salaam aleikum, Ababa!"

Anthu anacheuka kufuna kuona amene akukuwa chotero. Kasimu anali akadali kutali, dzanja lili m'mwamba, magalasi akunyezimira padzuwa. Che Idrissa anaponya nyundo pansi, n'kuimirira, n'kukweza manja onse awiri.

"Wa aleikum salaam!" anayankha mokuwa.

A Mwamadi anasuzumira kumsewu, n'kugwedeza mutu. "Ine ndinanena kale kuti mwana ameneyu ndi maso."

Che Idrissa sanawatsutse. Anali otanganidwa kupukuta maso awo ndi mkono wa malaya, kuti amuone bwino mwana wawo akuwoloka msewu.