Nkhope ya a Fackson Pamulu wa Thonje

A Fackson Sakala a ku Sinda anali akuda bii, ndipo makamera sankawafuna. Chithunzi chawo chilichonse chinkatuluka chimodzimodzi: malaya ndi mano, basi. Pachithunzi chaukwati mkazi wawo ankawala m'diresi loyera, pambali pake pataima mthunzi womanga tayi.

Tsono chaka chimenecho thonje lawo linaposa la aliyense m'kopaletivi, akuluakulu n'kugamula kuti ajambulidwe pamulu wa thonjelo, chithunzicho chikapachikidwe muofesi. M'malo mokondwa, mtima unawapweteka. Zaka makumi atatu akulimbana ndi khasu, ndiye anthu azidzaloza khoma n'kumafunsana kuti kodi mdimawo ndi ndani?

Wojambula anali Regina, mwini situdiyo ina ku Katete. Atajambula koyamba, thonje linaoneka bwino, nkhope n'kusowa. Kachiwiri nkhope inabwera, koma thonje linangoti mbee ngati pepala.

"Waona, mwanawe? Ine kamera imandikana," anatero a Fackson.

"Sikukukanani, atate. Diso lake n'laulesi, silitha kuona kowala ndi kwamdima nthawi imodzi," anayankha Regina. "Ndijambula zitatu, china chathonje, china chankhope, china chapakati, kenako ndiziphatikiza pakompyuta. Koma musagwedezeke, olo ntchentche ikutereni pamphuno."

Ntchentcheyo inateradi, yopanda ulemu! Koma munthu amene sankatha kutseka pakamwa ngakhale m'tchalitchi anangoti gwa ngati chitsa, osaseka, osaphethira, mpaka kamera italira katatu.

Regina anatsegula laputopu pangolo, n'kusanjikiza zithunzizo. M'chakuda anatengamo thonje, m'chowala anatengamo nkhope, chapakati n'kulumikiza zonse. Atatha anawatembenuzira.

Zonse zinalipo: ulusi wa thonje, mitambo, makwinya apachipumi, imvi zam'ndevu, maso akuyang'ana molimba mtima. A Fackson anavula chipewa, n'kusendera pafupi akuchiyang'anitsitsa chithunzicho, moti Regina anayamba kuopa kuti walakwitsa.

"Awa ndi atate anga," anatero a Fackson, akuloza nkhope yawo pachithunzipo. "Ankaima chonchi pamunda. Anamwalira osajambulitsa n'kamodzi komwe, ndipo nkhope yawo inali itayamba kundithawa."

Anapukuta misozi, chifuwa chitadzaza kunyada.

"Ukachikulitse, mwanawe. Akachipachike pamwamba, Sinda yonse itione tonse awiri."